Chipewa ndi Chawo, Mutu ndi Wanga

Amayi amene amatigulitsa mkaka wa soya pakona pathu ku Tainan saphonya msonkhano wandale. Kaya ndi wa chipani chiti, amapitako, amadya mpunga waulere n'kubwerako ndi chipewa. Ukawaseka amangoti, "Chipewa ndi chawo, mwanangu, mutu ndi wanga."

Tsiku la chisankho amaweruka msanga n'kukakhala mpando wakutsogolo kusukulu, komwe owerenga mavoti amakweza pepala lililonse m'mwamba n'kutchula dzina aliyense akumva.

Chaka chatha a Liao, amene ankafuna ukulu wa dera lathu ndipo pakamwa pawo sipankachoka mawu akuti "anthu ndine", anagwa ndi mavoti asanu ndi anayi. Anatulukira ndi gulu lawo akukalipa kuti awabera, mabokosi akatayidwe kumtsinje.

Amayi aja anaima pakhomo.

"Achimwene, ine ndakuvoterani. Ndakhala pano kuyambira pepala loyamba, ngakhale kokodza sindinapite. Anthu mukuwanenawo ali m'bokosimu, ndipo akukanani."

Wina anaphulika kuseka, gulu n'kuyamba kuzemba mmodzimmodzi.

M'mawa mwake ndinawapeza akutunga mkaka atavala chipewa cha a Liao.

"Chimatchinga dzuwa bwino," anatero.