Tsiku Limene Galimoto ya Amalume Inamwa Madzi

Ndili Fomu 2, amalume ankandiperekeza pa galimoto yawo kuchokera ku Thambani kuti ndikakwere pa Mwanza basi yopita kusukulu, khadi la chipani lili m'thumba mwanga, poti masiku amenewo wopanda khadi sankakwera basi. Iwo ankakonda kunena kuti mtsikana sagwira kiyi wa galimoto.

Tikuwoloka mtsinje wodzaza, injini inamwa madzi n'kuzima. Anthu atatikankhira kumtunda, amalume anachotsa mapulagi kuti madzi atuluke m'masilinda. Ankafuna kuona bowo la pulagi lomwe lilavule madzi injini ikazungulira, choncho anandipatsa kiyi.

"Iwe, usapotokole ndisanakuuze."

Ndinadikira mpaka ataweramira pa mabowowo, kenako ndinapotokola. Madzi amatope anawathovukira kumaso.

"Pepani amalume," ndinatero, "paja atsikanafe za makiyi sitizidziwa."

Atapukuta mapulagi n'kuwabwezera, injini inalira. Basi ndinaipeza isananyamuke, amalume akulavulabe mchenga.