Leza ya Bambo Kumanda

Ndinadzuka tambala asanalire, ndili pamphasa pakati pa amayi amene anachezera kuimba. Panja moto wa abambo unali utasanduka phulusa. Ndisanasambe n'kumaso komwe, ndinakasuzumira kunsi kwa bedi la malemu bambo kuti ndione ngati kabokosi kakuda kanalipobe. Kanalipo.

Bambo anali mmisiri womanga nyumba kuno ku Mangochi, ndipo ine mwana wawo wamkazi ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu. M'kabokosimo ankasungamo leza, makina oyezera amene amaponya kadontho ka kuwala kobiriwira. Lamulo lawo linali limodzi: kadonthoko kazigwera pathabwa kapena pakhoma, osati pankhope ya munthu. Akaweruka ankachotsa mabatire n'kukhoma.

Kutacha amayi a kwa Mponda anasonkha moto kuseri n'kuteleka nyemba. Anthu anayamba kufika, ena pakabaza, ena palole ya ku Chowe. Anansi athu achisilamu, omwe bambo anawamangira nyumba, anadzaza pansi pa mtengo wa mango. Kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono.

Mkulu wa adzukulu okumba manda anali mnzawo wa bambo, bambo wachikulire wa diso limodzi, popeza linalo linachita ng'ala kalekale. Anabwera ndi bango kudzayeza bokosi la maliro monga timachitira. Pamenepo bambo aang'ono, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Lilongwe, anati mbale wawo sangayezedwe ndi bango ngati munthu wamba. Anafuna leza. Ndinagwada n'kuwauza kuti makinawo ndi oopsa m'maso, ndiponso padzuwa kadontho sikaoneka. Anandifunsa ngati malirowo anali anga ndekha. Amayi anga ananditsina kuti ndisachite mwano pamaliro, ndipo ndinapereka kiyi. Akazi sapita kokumba manda, choncho ine, munthu yekhayo wodziwa makinawo pamudzi ponse, ndinakakhala pansi kusenda anyezi.

Zakumanda ndinazimva kwa adzukulu amene anabwera kudzatenga madzi. Dzuwa litakwera, kadontho kanasowadi. Bambo aang'ono anauza mkulu uja kuti anjute tsidya lina la dzenje, ayang'ane m'makina, anene ngati akuyaka. Iye, mwaulemu, anayang'anitsitsa ndi diso lake labwinolo mpaka atamuuza kuti basi. Pamapeto pake manda anawayeza ndi bango lomwe lija. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, fumbi likulowa m'kamwa mwa oimba. Kumanda mkulu uja, amene nthawi zonse amalowa m'dzenje kulandira bokosi, anaima patali dzanja lili kumaso. Misozi ikutsika, anthu ankati akulira mnzake. Bambo aang'ono anayankhula m'malo mwa banja, kutamanda mbale wawo kuti anali munthu wosamala pa ntchito. Ndinapsa mtima mpaka kulephera kulira bambo anga, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Ndinakwiyira bambo aang'onowo, ndinadzikwiyiranso ndekha, chifukwa kiyi anatuluka m'dzanja langa.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala mafuwa, mphasa zopindapinda ndi amayi atagona chafufumimba kuchipinda. Leza ndinaipeza pawindo ikuyakabe, kadontho kali padenga. Ndinachotsa mabatire, ndinakhoma, kiyi n'kumumanga m'nsonga ya chitenje.

Mkulu uja anali pakhonde. Anati paliponse pamene ayang'ana pakubwera kachinthu kakuda pakati. Ndinamuuza kuti mawa m'mamawa ndipita naye kuchipatala, ndipo sanakane.

"Bambo ako ndinawagwirira thabwa kambirimbiri," anatero. "Asanayatse ankati, achimwene, tembenukani."

Ndinamupatsa kapu ya tiyi. Dzanja lake linadutsa pambali, ndipo ndinachita kuligwira n'kuliika pakapupo.