Ndinali maso a m'saluni ya azakhali

Ndinafika ku Mtendere, komboni ya mumzinda waukulu, ndili mu giredi teni, kuchokera kwathu ku Katete, kudzakhala ndi azakhali anga. Kusukulu ndinalibe mnzanga. Ndikangotsegula pakamwa atsikana ankagwirana mapewa ndi kuseka, ati Chichewa changa cha kumudzi ndimachilankhula ngati ndikuwerenga Baibulo. Pa nthawi yopuma ndinkakhala ndekha kuseri kwa kalasi mpaka belu lilire.

Azakhali anali ndi kasaluni ka chipinda chimodzi pafupi ndi msika. Munkatentha, munkanunkha mafuta a tsitsi ndi kandulo yootchera nsonga za wigi. Pakona, pamwamba pa shelefu, panali TV. Masiku amenewo aliyense ankaonera pulogalamu ija yotsekera anyamata ndi atsikana m'nyumba imodzi yodzaza makamera, oonera n'kumavota pafoni kuti achoke ndani.

Koma munthu wolukidwa tsitsi sakweza mutu. Amakhala pansi pakati pa miyendo ya woluka, chibwano chili pachifuwa, ndipo akangoyesa kusuzumira amamubweza ndi chipeso. Olukawo nawonso maso awo amakhala pa zala. Komanso Chingerezi cha m'nyumba ija chinali chothamanga. Motero ntchito inagwera ine. Ndikaweruka ndinkakhala pa kireti ya mabotolo, yunifolomu ili m'thupi, n'kumagawa wigi m'tizingwe uku ndikufotokoza zimene zikuchitika.

“Iwe wa ku Katete, kamba! Nichani manje?”

Ndinkafotokoza zonse, mawu ndi nkhope zomwe. Chichewa chomwe chija chimene ankandiseka nacho kusukulu, muno ankachipempha. Mayi wina wogulitsa vitumbuwa pamsika ankandisungira ziwiri m'pepala. Tsiku lina nditachedwa ndi masewera ndinapeza akudandaula kuti akhala ngati akhungu. Usiku wake ndinagona ndikumwetulira.

M'nyumba ya pa TV munali mnyamata amene tinkangomutchula kuti wandevu. Ankayenda ndi atsikana awiri nthawi imodzi, wina masana, wina madzulo, ndipo m'saluni ankamukonda koopsa.

“Uja ni mwamuna,” ankatero azakhali. “Aziba vamene afuna.”

Mmodzi wa atsikana awiriwo anali wometa mpala, ndipo m'saluni limenelo linali kale tchimo.

“Bonse bakameta so, ise tizadya chani?” anatero mayi wa vitumbuwa, anthu n'kufa nako kuseka.

Ine wampalayo ndinkamukonda mwakachetechete. Ankatsuka mbale za anzake osadandaula, ndipo nthawi zambiri kamera inkamupeza atakhala yekha pabwalo, atakumbatira mawondo. Makhalidwe amenewo ndinkawadziwa.

Loweruka lina masana anaonetsa za phwando la dzulo lake. Saluni inali yodzaza, ena atakhala pakhomo. Wampala anavina ndi mnyamata wina nyimbo imodzi yokha. Nditanena zimenezo, mawu anatuluka pansi pa mitu yoweramayo.

“Hule!”

“Alibe na nsoni, pa TV so?”

Kenako chithunzi chinasintha. Wandevu anatsatira wampala m'chipinda chochapira. Anatseka chitseko ndi phazi, anamugwira dzanja n'kulipotokolera kumsana, n'kumukanikizira kukhoma. Ankalankhulira pankhope pake penipeni. Mtsikanayo ankangoti ndisiye, ukundipweteka. Atamusiya, iye anatola kapu ya madzi n'kumuthira pachifuwa, akulira.

Ndinasiya kugawa wigi, maso ali pa TV.

“Iwe, wamwalira? Kamba!”

Ndinafotokoza monga ndinaonera. Ndinati wamupotokola dzanja, wamumenyetsa kukhoma, ndipo mtsikanayo akupempha kuti amusiye. Ndinanena mawu onse amene wandevu anamutukwana nawo, ngakhale ena anali olemera pakamwa panga.

“Awe, bakambisana chabe,” anatero azakhali osakweza maso. “Mwamuna akakhala na jelasi ndiye kuti akukonda.”

“Manje afuna amuombele m'manja? Anavina na wina!” anatero wina.

“Nanga iye uja ali ndi awiri, bwanji simunamutchule kuti hule?” ndinafunsa.

Sindinafuule. Ndinafunsa monga ndimafunsira aphunzitsi m'kalasi, ndikuyembekezera yankho. Koma onse anakhumudwa. Zala za oluka zinaima. Pa TV woyendetsa pulogalamu anali kuwerenga chigamulo, ndipo poti inali ntchito yanga ndinachimasuliranso: wandevu wachenjezedwa, wampala walandira chilango chifukwa chothira mnzake madzi.

“Waona? Na beve baona kuti mkazi ndiye olakwa,” anatero mayi wa vitumbuwa. “Ba sisi, uyu mwana wanu sukulu yamukwela kumutu. Azavuta mu nyumba.”

Madzulo tikutseka, azakhali anandilankhula mofatsa, ndipo kufatsako kunandiwawa kuposa kukalipa. Anati anthu amabwera kusaluni kudzapuma, ena athawa zomwezo kunyumba kwawo, safuna kuti kamwana kawaphunzitse. Anati makasitomala akakhumudwa amapita kwa ena, saluni zili mbwee mu Mtendere.

“Kuyambila Mande uzizichapa mataulo kumbuyo. TV izakamba yeka.”

Kumbuyo kunali kampata pakati pa saluni ndi mpanda wa anansi, kokwana beseni ndi munthu mmodzi. Ndinkamva TV kudzera pakhoma, ndi kuseka kwawo. Mtsikana wina woluka ndiye anatenga malo anga. Ankangokweza maso kamodzikamodzi n'kunena kuti bakangana, kapena kuti bapsompsonana, ndipo zinkawakwanira. Vitumbuwa sizinabwerenso. Sabata yomweyo wampala anavoteredwa kuti achoke, ndipo ndinamva nthungululu ndili ndi thovu m'manja.

Ndinkadzifunsa ngati ndinalakwa. Ndinkabwereza m'mutu zimene ndinaona, kuti mwina ndinawonjezera. Sindinapeze chimene ndinawonjezera.

Tsiku lina kumbuyoko kunabwera mayi wina wogwira ntchito m'nyumba za anthu olemera ku Kabulonga, amene ankalukitsa kwa azakhali mwezi ndi mwezi. Loweruka lija analipo, koma sanalankhule kanthu. Anati akufuna kusamba m'manja. Ndinamuthirira madzi, iye n'kumasamba pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

“Uja mtsikana wa mpala, pamene anachoka, anayenda kuti?”

“Akuti sanaonetse, amayi. Ndinangomva kuti anatsegula chitseko, iye n'kutuluka ndi chikwama.”

“Kunali omulandila panja?”

“Sindinaone. Ndinali kuno.”

Anagwedeza mutu, anapukuta manja pa chitenje chake, n'kubwerera mkati.

Pulogalamu itatsala pang'ono kutha, azakhali anandiitana. Makasitomala ena anali atayamba kufunsa za ine, ati woluka uja safotokoza mokoma.

“Bwela ukhale pa kireti yako. Koma uzikamba vosekesa chabe, wamvela? Vinangu uzisiya.”

Ndinavomera msanga. Ndinali nditatopa ndi khoma lija, ndi fungo la sopo, ndi kusalankhula ndi munthu tsiku lonse. Ndinalowa. Mayi wa vitumbuwa anati, “Wabwela loya wathu,” ndipo anthu anaseka, inenso ndinaseka. Ndinafotokoza za mnyamata amene anapsereza mpunga, ndinayerekeza mayendedwe ake, saluni yonse inagwa ndi phwete. Zinali zokoma ngati kale.

Kenako kamera inapita kukhitchini. Wandevu anali ataimirira pafupi kwambiri ndi mtsikana wake wachiwiri uja, atamugwira chibwano ndi zala, akumufunsa kuti amayang'ana ndani. Mtsikanayo ankayesa kuseka, koma maso ake ankafunafuna chitseko.

“Nichani manje? Kamba!”

Ndinayang'ana azakhali. Iwonso anali atakweza maso, ndipo anaona zimene ndinaona. Anandiyang'ana, akudikira.

“Ba anti, mataulo aja ndawasiya m'madzi,” ndinatero.

Ndinaika wigi pa kireti n'kutuluka. Palibe amene anandiitana. Ndinakhala kumbuyoko mpaka pulogalamu inatha chaka chimenecho, ndipo ndinayamba kupita ndi mabuku anga, n'kumawerenga mataulo akamauma.