Mano a Tadala Anathera M'botolo la Tiyi

Inu owerenga, ndikuvomera poyera kuti mano a mwana wanga ndinawaoletsa ndine, ndipo ndinkachita zimenezo uku ndikudzitama kuti kulera ndimakudziwa.

Zinachitika m'ma 1990, ndikusoka zovala pakhonde la golosale ina ku Kawale. Nditamuletsa kuyamwa mwana wanga woyamba, Tadala, ankalira kwambiri moti makina ankangokhala osapalasidwa. Ndiye ndinagula botolo la ana, lija la kansonga ka labala. Ndinkathiramo tiyi wamkaka ndi shuga wosaumira, iye n'kumayamwa pang'onopang'ono tsiku lonse, mpaka kugona nalo m'kamwa pachitenje pafupi ndi mapazi anga. Masiku amenewo botolo linali la anthu otsogola. Amayi anzanga akati, "Koma mwanayu ngwachizungu!" ine mapewa m'mwamba. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Poyamba mano akutsogolo akumwamba anachita timizere toyera ngati choko m'mphepete mwa usinini. Kenako anada, n'kuyamba kubenthuka. Ndinaona ndithu, koma sindinatekeseke. Mumtima ndinkati awa ndi mano aubwana, adzaguluka okha, tidzaponya padenga ndipo khwangwala adzabweretsa ena, monga tinkauzidwira tonse tili ana. Kutsuka mwana wa zaka ziwiri m'kamwa ndinkakuona ngati kusowa chochita.

Atakwanitsa zaka zitatu, Tadala anayamba kukana chakudya. Anzake pabwalo ankamutcha agogo, ndipo akafuna kuseka ankatseka pakamwa ndi kadzanja kake. Tsiku lina anadzuka mlomo wakumwamba utatupa, thupi lili gaa, kutentha. Apo ndiye ndinatseka makina n'kukwera minibasi wa kuchipatala.

Dotolo wa mano anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula. Anamujambula mwanayo chithunzi chija choonetsa mafupa, n'kuchikweza pawindo kuti ndione.

Abale, zimene ndinaona sindidzaziiwala. Kuseri kwa tizitsa toola tija, m'kati mwenimweni mwa fupa, munali mano ena. Anali atandandalikana bwinobwino, aakulu, akungodikira nthawi yawo. Kamwana koti sikadziwa n'kuvala komwe, kanali katanyamula kale mano odzadyera chimanga mpaka ukalamba! Ine telala ndimadziwa kuti chovala chachiwiri timasoka choyamba chikang'ambika, koma Mlengi anali atasokeratu chachiwiri n'kuchisunga pobisika. Ndinachita mantha ngati ndalowa m'tchalitchi ndi matope kumapazi.

"Amayi, awa ndi omaliza," anatero dotolo uja akuloza ndi cholembera. "Mafinya ali apawa akawafika, kulibenso ena achitatu."

Anandifotokozera kuti shuga akamakhalitsa pamano, tizilombo ta m'kamwa timamusandutsa asidi wodya dzino, makamaka mwana akagona nalo botolo. Kutupa kutaphwa, anam'chotsa mano anayi. Botolo lija ndinakaliponya m'chimbudzi ndekha. Tadala analilirira sabata yathunthu, ine n'kumangom'patsa madzi m'kapu, mtima ukundiwawa. Ndinayamba kum'tsuka m'kamwa m'mawa ndi pogona, ndi kamswachi kofewa ndi mankhwala otsukira mano pang'ono chabe.

Zaka zinayi ndinakhala ndikudikira, osadziwa ngati mano aja anapulumuka. Anzake atayamba kuguluka mano n'kumaponya padenga, Tadala anandifunsa, "Amayi, nanga anga aja anatsala kuchipatala, khwangwala adziwa bwanji?" Ndinangoweramira pa singano n'kupitiriza kusoka.

Ali sitandade 2, anabwera kuchokera kusukulu akuthamanga, nandigwiritsa chala pausinini. Panali kansonga kakuthwa, koyera. Ndinalira pamaso pa kasitomala amene ndinkamuyesa diresi. Onse anayi anamera, koma limodzi linatuluka ndi banga lachikasu pakati. Dotolo anati ndi pamene mafinya aja anafika.

Choncho inu makolo anzanga, musachite zanga. Dzino loyamba likangotuluka, yambani kulipukuta ndi kansalu koyera, kenako mswachi. Tiyi, sikwashi ndi madzi a shuga zisalowe m'botolo, ndipo mwana asagone nalo. Nthawi ndi nthawi muzikweza kamlomo kake n'kuyang'ana. Mukaona timizere toyera, pitani kuchipatala asanayambe kulira.

Tadala lero amaseka osatseka pakamwa, ndipo anthu amati ali ndi mano okongola. Banga lija saliona. Ine ndimaliona nthawi zonse, chifukwa ndinalilemba ndine, dzinolo lisanamere n'komwe.