Ahedi Amene Anakhala Pambali Panga

Ndikukumbukira Lachinayi lina la mwezi wa Novembala, m'zaka za m'ma 1980. Ndinali pa benchi kunja kwa ofesi ya ahedi, pa sekondale yathu ku Silver Spring, manja ndili nawo pakati pa mawondo. Mapaipi otenthetsa m'makalasi ankagogoda, ndipo mpweya unkamveka sopo wokolopera ndi majekete onyowa. Ndinkadikira kuonana ndi ahedi achinayi chibwerereni ku Amerika.

Nkhani yanga inali imodzi. Titachoka ku Zomba, Bambo atapeza ntchito ku Washington, sukuluyo inandiika m'kalasi ya ana ongoyamba kumene Chingerezi. Chingerezicho ndinkachidziwa, kwathu ndinkalemba nacho mayeso. Koma wonditulutsa m'kalasimo anali ahedi okha, ndipo chaka chimenecho chikanandithera ndili momwemo, anzanga akanamaliza sukulu n'kundisiya.

Ahedi oyamba analonjeza kuti andiganizira Khirisimasi ikapita. Khirisimasi inapita nawo limodzi. Achiwiri anabwera ndi lamulo loletsa zipewa. Achitatu anabweza zipewazo, nasintha nthawi ya nkhomaliro. Aphunzitsi anasiya kuloweza malamulo, ankangofunsana kuti sabata ino tikutsata ziti. Ndipo aliyense watsopano ankayambiranso nane pachiyambi: kundiitana, kundikhazika moyang'anizana naye, kundifunsa mafunso. Ine, monga anandilelera Amayi, ndinkazolika n'kuyankha motsitsa mawu. Mwana satuzulira wamkulu maso. Iwo ankangoona mwana amene sakumva, basi n'kundibweza kokaloweza mayina a zipatso.

"Uzingowayang'ana pamphumi," Bambo ankatero. "Kuno ndi mmene amachitira."

"Mwana wanga asanduke wamwano chifukwa cha ahedi oti mawa achoka?" Amayi ankawabweza.

Ndinkayeserera pagalasi la kubafa, koma ngakhale maso anga omwe ankandichititsa manyazi.

Tsikulo mlembi atandilowetsa, ndinapeza mayi wakuda wa imvi, wolankhula mokoka mawu ngati anthu a kum'mwera kwa dzikolo. Makatoni a katundu wawo anali asanamasulidwe. Anandifunsa dzina, ine maso ali pa nsapato zawo. Mtima unandiuza kuti zathanso. Kenako ndinamva mpando ukukokedwa, ndipo anadzakhala pambali panga, tonse titayang'ana kuwindo.

"Mayi anga akanakukonda iwe," anatero. "Ine ndikawayang'ana m'maso ankandifunsa ngati ndataya kanthu pankhope pawo. Tandiuza, ukuona chiyani panjapo?"

Ndinayamba ndi mitengo yopanda masamba. Ndinawauza kuti chaka choyamba ndinkaganiza kuti yonseyo inauma, ndipo ndinkadabwa kuti nkhuni zambiri chonchi palibe wotola. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Ine ndinapitiriza, za Zomba, za chifunga cha paphiri, za aphunzitsi athu a samu. Chingerezi chonse chimene ndinkangolemba m'kabuku kanga madzulo chinatulukira pakamwa.

"Nyamula chikwama," anatero akuimirira.

"Lero lomwe?"

"Mwanangu, pa mpando uwu munthu sadziwa za mawa. Tiye ndikadali hedi."

Anandiperekeza okha mpaka pakhomo la kalasi ya anzanga. Nditakhala pa desiki la kumbuyo, pachifuwa panali pee, ngati ndatula chidebe cha madzi chimene ndinasenza kuchokera kutali. Mtsikana wa pafupi nane anasunthira buku lake pakati kuti tiwerengere limodzi.

Ahedi amenewo nawonso sanakhalitse. Chaka chotsatira tinalandira ena. Masiku ano ana anga amayang'ana aphunzitsi awo m'maso, mpaka kutsutsana nawo, ine n'kungogwira pakamwa. Koma ndikamva kuti pa sukulu ina ahedi asinthanso, ndimaganiza za kamwana kena kofatsa kamene nkhani yake ikukayambiranso pachiyambi.

Madzulo a Lachinayi lija sindinalembe zambiri m'kabuku kanga. Ndinangoti mawa, belu lisanalire, ndikamufunse dzina mtsikana uja, ndipo ndikayambe ndine kupereka moni.