Ba Norah na Msewu wa ku Nha Trang

Ba Norah Chipasha sakhala pansi, funsani aliyense pa Chongwe boma! Anabadwira ku Bundabunda, anakwatiwa ku Palabana, amuna awo atamwalira anayamba kugulitsa mkaka wosasa pa msika. Zaka makumi awiri akhala akudumpha msewu wa Great East na zigubu ziwiri m'manja. Lamulo lawo ni limodzi, ana awo onse anakula nalo: imirira, yang'ana, ukaona mpata thamanga! Lole yopita ku Chipata sidziwa munthu.

Manje mwana wawo Kondwa, wophunzitsa Chizungu ku Vietnam, anawatumizira tikiti. Ndege zitatu, imwe! Anakafikira mu tauni ya Nha Trang, m'mbali mwa nyanja yamchere, chinthu chimene Ba Norah anali asanachionepo chibadwire. Pa windo la hotelo inali pompo, yabuluu, yosatha. Pakati panali chabe msewu umodzi.

"Amama, nipemphe tsiku kunchito nikupelekeni," anatero Kondwa.

"Upemphe tsiku chifukwa cha madzi ali apo? Choka iwe. Anakuphunzitsa kudumpha msewu ni ndani?"

Koma msewu uja, mayo ine! Njinga zamoto ngati linthumbu. Iyi yanyamula banja lonse, iyi firiji, iyi abakha amoyo atulutsa makosi m'dengu, pii pii pii, osalekeza. Ba Norah anaimirira, anayang'ana, mpata osabwera. Ola lathunthu! Anabwerera.

Ndiye anayamba kuzungulira tsidya lino ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Anakhala pa kampando kapulasitiki kofika m'bondo mwa mwana, anamwa supu ya nyama m'mamawa kwa mayi wina wogulitsa m'mbali mwa msewu, khofi wa madzi oundana dzuwa lili phwee, anagula chipatso chapinki chokhala na tunjere twakuda m'kati. Azimayi anagwira chitenje chawo, anajambulitsa nawo. Zonse zinali bwino, koma maso anali kutsidya, kumene ngakhale nkhalamba zinali kusambira.

"Nyanja ili shani, amama?" Kondwa anafunsa ataweruka.

"Ili chabe bwino."

"Yozizira?"

"Ngati madzi a m'chitsime."

Kondwa anawayang'ana. "Aa! Ija yofunda ija? Nioneniko chithunzi."

"Foni inazima. Idya, wayonda."

Tsiku lachitatu anati lero ni lero. Anaona kampata, anakweza chitenje, liwiro! Bambo wina wonyamula kokonati anaponda buleki, njinga inapendeka, makokonati gubudu gubudu msewu wonse. Ba Norah anathawira komwe anachokera. Anathandiza kutola awiri amene anagubudukira kwa iwo, bambo uja akulankhula zambirimbiri zosamveka.

Loweruka linafika, ndege mawa, Kondwa ali kunchito. Akauze chiyani anzawo a pamsika? Kuti anauluka dziko lonse kukaonera nyanja pa windo? Pa kampando kapulasitiki kaja anadzuka, anakhala, anadzukanso. Supu inazizira m'mbale.

Mayi wogulitsa supu uja, wamfupi, wovala chipewa chosongoka, anali ataona zonse masiku onsewo. Anapukuta manja, anawagwira padzanja, anawakokera m'mphepete mwa msewu. Analoza mapazi a Ba Norah, anathamanga pamalo amodzi, anapukusa mutu. Kenako anayenda pang'onopang'ono, phazi, phazi, anagwedeza mutu.

"Mayi, mufuna kunipha? Nili na adzukulu ine!"

Mayi uja anangoseka, analowa mumsewu osayembekeza mpata uliwonse. Ba Norah analowa nawo, poti dzanja linali litagwidwa. Njinga zinabwera zonse pamodzi. Miyendo inati thamanga! Mayi uja anafinya dzanja, gwa. Ndiye Ba Norah anayamba kung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi, n'kumaponda monga amapondera azimayi popeleka mphatso ku guwa, kumanzere, kumanja, osafulumira. Ndipo njinga zinawalambalala! Zoona! Ina kutsogolo, ina kumbuyo, wina atanyamula galasi lalikulu anangodutsa, fyuu. Kumeneko woyendetsa amaona mayendedwe ako n'kukupatukira yekha, ukathamanga ndiye wamusokoneza.

Atafika tsidya lija mayi wa supu anawasiya, anabwerera ku mapoto ake. Ba Norah anavula mapatapata, anathamanga pamchenga wotentha, analowa mpaka m'maondo. Yofunda! Funde linawamenya, chitenje chonse chinanyowa. Anatapa m'manja, analawa, analavula, anaseka okha mpaka misozi.

Atatembenuka anaona msewu uja ukadali pompo, hotelo ili kutsidya. Anatulutsa foni.

"Kondwa! Nyanja ni yofunda, mwana wanga. Masiku onse aja ninali kunama."

"Ninadziwa, amama. Muli kuti?"

"Nili m'madzi. Pempha tsiku lija, ubwere unitenge. Kawiri siniyesa."