Vesiti Yachikasu ya Pamsewu wa Sukulu

Nzeru yoletsa madalaivala kugwira foni pamsewu wa sukulu yathu ku Dambwa inachokera m'mutu mwanga. Ndikulemba izi kuti mbiri isasokonekere, chifukwa lero mukafunsa mwana aliyense, angokulozerani munthu wosoka nsapato.

Ine ndimayendetsa takisi. Ndisanayambe ntchitoyi ndinakhalako ku koleji chaka chimodzi ndi temu imodzi, kuphunzira kasamalidwe ka alendo a m'mahotela, mpaka ine ndi kolejiyo tinagwirizana kusiyana mwamtendere, aliyense asunge ulemu wake. M'mawa uliwonse ndimanyamula ana anayi, mmodzi mwa iwo ndi wanga, ndikawatsitsa ndimapita kukadikira alendo ofuna kukaona mathithi. Ntchito yathu imakhala mufoni. Kasitomala akaimba iwe osayankha, amaimbira mnzako. Ndiye tonse tinazolowera kuyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo lili kukhutu.

M'mawa wina galimoto yoyera ya loji ina inatsala pang'ono kugunda kamtsikana ka giledi thu pageti penipeni. Mwanayo anadumpha, koma botolo lake la madzi linaphwanyika pansi pa tayala. Dalaivala anali kuseka pafoni ndipo sanadziwe n'komwe.

Loweruka lotsatira, pamsonkhano wa makolo, ndinaimirira n'kukonza kolala. Ndinati lamulo lilipo kale m'mabuku, koma mabuku saima pamsewu. Ndinati panjira ya ku mathithi a Mosi-oa-Tunya njovu ikatulukira, palibe dalaivala amene amapitiriza macheza a pafoni, koma vuto la mwana wa giledi thu ndi lakuti alibe minyanga. Apa anthu anaomba m'manja. Ndinapempha zikwangwani ziwiri, china kumtunda china kumunsi kwa geti, pakati pake foni isagwiridwe, ndiponso munthu mmodzi wooneka bwino aziima pamenepo atavala vesiti yonyezimira, ali ndi wenzulo. Mawu akuti wooneka bwino ndinawanena mosathamanga. Kenako ndinakhala pansi pang'onopang'ono, monga amachitira anthu amene akudikira udindo.

Vesitiyo anapatsa wosoka nsapato.

Chifukwa chake akuti amakhala kale pansi pa mtengo wa pageti tsiku lonse. Ndiye kuti mtengowo ukanakhala ndi manja, akanapatsa mtengo. Chopweteka kwambiri n'chakuti munthuyu ndi Mbemba, ine makolo anga ndi a kum'mawa, choncho ndi mbuya wanga. Pa chimbuya munthu amaloledwa kukunyoza pagulu, iwe n'kumaseka. Ukakwiya, wolakwa ndiwe.

Lolemba ndinamupeza ataima pakati pa msewu, akuwala ngati dzuwa lachiwiri.

"Ba koleji! Mwauka? Manja onse awiri pa siteringi, tione. Olo lina lagwira mbewa?"

"Iwe, pita ku mathithi ukaone azibale ako, akulanda alendo mabisiketi," ndinayankha motero, ponena za anyani.

"Nizapita nikakomboka. Manje nili pa duti. Pitani bwino, kapolo wanga."

Ana a m'galimoto mwanga anaseka, wanga yemwe.

Ndivomere, chifukwa ndine munthu wachilungamo: ntchito ankaigwira. Akaona dalaivala ali ndi foni kukhutu, ankaima kutsogolo kwa galimoto n'kuliza wenzulo osapumira, ana onse a pageti n'kuyamba kuimba, "Foni pansi! Foni pansi!" Palibe mwamuna amene angapirire kuimbidwa ndi ana a giledi wani. Ndinaonapo bwana wa tayi akuponya foni kumpando wakumbuyo ngati yamuotcha. Madalaivala a minibasi, anthu amene saopa ngakhale maliro, ankafika pachikwangwani n'kuuza wa pafoniyo kuti, "Nizatuma foni, nafika pa mudala wa vesiti."

Ndiye ulemu unayamba kumugwera. Amayi ogulitsa zitumbuwa ankamupatsa ziwiri zaulere. Aphunzitsi ankamutcha ba ofisa. Nsapato zosoketsa zinachuluka, ngati kuti vesiti imathandiza ulusi kulimba. Mwana wanga atauzidwa kuti ajambule munthu wothandiza m'dera lathu, anajambula chimunthu chachikasu chokhala ndi wenzulo. Ndinamufunsa ngati takisi imavuta kujambula. Anati ayi, siivuta.

Mkazi wanga, amene amasoka mayunifomu kunyumba, anawonjezera mchere pabala.

"Koma vesiti ija imawakhala bwino ba mbuya banu."

"Vesiti imakhala bwino aliyense. Ndi nsalu ya choncho."

"Awe. Pali anthu ena ingaoneke monga bavala chikwama."

Sanatchule dzina, koma m'nyumbamo tinalimo awiri.

Temu ili pakati, komiti ya makolo inalengeza kuti igula vesiti yachiwiri, ya munthu woima masana ana akamaweruka, kuti mbuya azipeza nthawi ya nsapato zake. Masana ine ndimakhala ndilibe alendo ambiri. Ndinayamba kupereka moni kwa amayi a pampando wa komiti kawiri patsiku. Ndinayesa pagalasi kakwezedwe ka dzanja koimitsira galimoto, ndipo ndinapeza kanga kanga, kaulemu koma kosanyengerera. Komabe ndinkaona kuti kupeza vesiti yokha sikukwana. Pankafunika anthu adziwenso kuti woyambayo sanali mngelo.

Mwayi unabwera Lachitatu lina. Nditangodutsa chikwangwani cha kumtunda, ndinamuona ataima m'mbali mwa msewu, vesiti ili pathupi, foni ili kukhutu. Ba ofisa eniake! Mtima wanga unaimba nyimbo ya Pasaka. Ndinatulutsa foni, n'kumujambula bwinobwino, ndipo nditatsitsa ana ndinatumiza chithunzicho pagulu la makolo la pafoni, pansi pake n'kulemba kuti: "Makolo anzanga, ndi chisoni chachikulu ndikuonetsani mmene alonda athu akusungira lamulo."

Ndinadikira mayankho foni ili m'manja. Ndinaganiza kuti anthu agwidwa ndi mantha.

Woyamba kuyankha anali amayi a pampando. "Chithunzi chaoneka bwino. Anakujambulirani ndani?"

Ndinachiyang'ananso. Mbuya analipo, inde, kakang'ono chapatali. Koma pafupi, moonekera bwino kwambiri, panali theka la chiwongolero changa, muvi wa liwiro utadzuka pang'ono, ndi kagalasi koonera kumbuyo kodzaza ndi timitu ta ana a eni. Foni yanga imajambula bwino. Ndinaisankha ndekha.

Wina analemba kuti lamulo ndi la oyendetsa, osati la oima ndi miyendo. Wina anafunsa ngati mutu wa kumanzerewo unali wa mwana wake. Mbuya sanalembe kanthu, anangotumiza mawu ojambula, akuseka kaye nthawi yaitali asanayambe kulankhula.

"Nenze kuuza kasitomala ati nsapato zasila. Koma ba koleji, zikomo pa chithunzi. Nitumireni china nikaike pa mtengo."

Loweruka ndinaitanidwa kumsonkhano. Ndinafotokoza kuti galimoto inkayenda pang'onopang'ono kwambiri, moti munthu wamaphunziro angathe kunena kuti inali itaima. Palibe anaomba m'manja. Bambo wina, amene mapasa ake ndimanyamula, ananena mosakweza mawu kuti iye amandipatsa ana ake m'mawa uliwonse poganiza kuti maso anga amakhala pamsewu. Ndinapepesa, ndipo kupepesa kumeneko kunali koona.

Atafika pa nkhani ya vesiti yachiwiri, amayi a pampando anafunsa ngati alipo wodzipereka. Ndinasunga manja anga pamaondo, poti ndimadziwa kuwerenga nyengo. Dzanja limene linakwera linali la pambali panga.

"Masana nimakhala nilibe zambiri," anatero mkazi wanga. "Ndipo uyu nimudziwa mayendedwe ake."

Anavomereza onse, mbuya akuliza wenzulo m'kalasi.

Tsopano masana ndikamakatenga ana, amene amandiimitsa ndi munthu amene ndinamulipirira malowolo. Amakweza dzanja molakwika, chigongono chili pansi, koma magalimoto amaima. Foni ikalira m'thumba ndili pakati pa zikwangwani, ndimaisiya ilire, ngakhale ndikudziwa kuti ndi mlendo wofuna kupita ku mudzi wa Mukuni ndipo aimbira wina. Mkazi wangayo ndi mbuya amapatsana malipoti pageti, amvekere "ife ba ofisa", ine ndikudikira ngati munthu wamba.

Vesiti yakeyo mkazi wanga amaichapa Lachisanu n'kuipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo anandiuza kuti si yoseweretsa. Tsiku lina ali ku kwaya ndinatseka makatani n'kuivala. Imandikwana bwino kwambiri.